Khoma Lomera Usiku

Woyamba kuzindikira anali Lazarus, mmisiri womanga nyumba kumaploti atsopano a ku Mlangeni. Iye anati khoma la nyumba ya Kingston likukula, chikhalirecho palibe amene akugwirapo ntchito.

Anthu anaseka, kuiwala kuti wamisala anaona nkhondo. Maplotiwo anali atawafika kale m'khosi. Dambo lodyetserako ng'ombe linali litadulidwadulidwa n'kugulitsidwa, njira ya kumjigo itatsekedwa ndi mpanda, ndipo eni nyumbazo ambiri anali ku Joni, osaoneka n'komwe. Ya Kingston inaimira m'mawindo chaka chatha, ndalama za ku Joni zitasiya kubwera. Ankaiyang'anira anali amayi ake, aNangozo, mayi wamasiye wa tsidya la msewu.

Kuseka kunatha njerwa zitayamba kusowa m'maploti oyandikana, khoma lija n'kumakwerabe, lomangidwa ndi matope aawisi.

Usiku wina wa nkhungu, wozizira mpaka m'mafupa, Elson, amene nyumba yake inayang'anana ndi maplotiwo, anadzidzimuka. Kunja kunali bii, agalu ali chete ngati awalipira. Kenako anamva wilibala ikulira pang'onopang'ono, kwii, kwii, n'kuima. Patapita kanthawi kunamveka kho, kho, kho, chipande chomangira chikugogoda njerwa.

"Dailes, ukumva?" Elson ananong'oneza mkazi wake.

"Ndamva kalekale. Musayerekeze kutsegula chitseko."

"Munthu angamange mumdima wotere, wopanda nyali?"

"Ndani wakuuzani kuti ndi munthu?"

Elson, amene masana amadzitama kuti saopa fisi, anafunda bulangete kumutu.

Usiku wotsatira anasuzumira pawindo, n'kuona chinthu chowonda, chofunda chiguduli, chikuyenda pamwamba pa khoma. Kutacha, nkhani inali itamera miyendo. Kumsika ankati ndi ndondocha, munthu wophedwa m'matsenga n'kudulidwa lilime kuti azigwirira ena ntchito usiku. Ena anakumbutsa kuti mlongo wake wa aNangozo anamwalira mosadziwika bwino. Wosunga ndondochayo aliyense anamudziwa popanda kumutchula.

Kumjigo amayi anayamba kuchotsa zidebe zawo aNangozo akafika. Kutchalitchi benchi yawo inatsala ndi iwo okha. Mwana wa Elson atadwala malungo, anyamata a m'mudzimo anabwera poyera: khomalo likakweranso, nyumba ya aNangozo aiyatsa, eni ake ali momwemo.

ANangozo anapsa mtima kuposa kuchita mantha. Usiku umenewo anamanga chitenje m'chiuno, natenga tochi, n'kuwoloka msewu okha. Kumbuyo ankamva mapazi a anyamata akuwatsatira chapatali, ndipo fungo la petulo linkawapeza ndi mphepo.

Kho, kho, kho.

Analowa pakhomo lopanda chitseko n'kuyatsa tochi. Chinthu chija chinagwetsa chipande, n'kubisa nkhope ndi manja amatope. Manjawo aNangozo anawadziwa.

"Kingston?"

"Amayi, zimitsani," ananong'ona. "Chonde zimitsani."

Anali atatha ngati nkhuni, ndevu zili nyankhalala. Anafotokoza modukizaduka kuti ku Joni anamugwira chifukwa cha mapepala, anamutsekera, kenako n'kumubweza ndi zovala za m'thupi zokha. Anatsika basi usiku. Masana ankabisala m'nyumba ina yosatha kumapeto kwa maploti, n'kumakumba kachewere m'minda ya anthu.

"Ndikanalowa bwanji m'mudzi chimanjamanja, anzanga akufolera ndi malata? Ndimati ikangofika palintala, pamwamba pa mawindo, ndidzaonekere. Musawauze, amayi. Andiseka mpaka kumanda."

"Ukudziwa kuti akufuna kundiotcha chifukwa cha iwe?"

Kingston anagwetsa nkhope. Sankadziwa.

Kunja machesi anathetheka. Wina anakuwa kuti mfitiyo ikulankhula ndi chinthu chake.

ANangozo anamva chisoni chachikulu, pakuti ankadziwa kuti chimene achite chimuvula mwana wawo pamaso pa mudzi wonse. Komabe anamugwira dzanja mwamphamvu, monga ankachitira pomukokera kusukulu, n'kutuluka naye. Anamuunika kumaso kuti aliyense aone.

"Yandikirani!" anakuwa. "Elson, bwera kutsogolo, ndiwe wa maso akuthwa. Uyu lilime ali nalo, mufunseni. Njerwa zanu tibweza imodziimodzi. Koma uyu sindinamutenge kumanda, ndinabereka ndekha."

Wonyamula chigubu cha petulo anachitula pansi mwakachetechete, n'kubwerera cham'mbuyo kulowa mumdima.

ANangozo anavula juzi yawo n'kumuveka mwana wawo.

"Tiye kwathu ukasambe. Wamanga mokhota."