Mzere Pazenera Loperekera Magazi

Shen Baogen sanali dokotala. Ntchito yake inali yotsuka timabotolo ta magazi ndi kudyetsa abakha amene akatswiri ofufuza ankawapatsa chimanga cha chuku kuti aone mmene chiwindi chimaonongekera. Anagwira ntchito imeneyo zaka khumi ndi chimodzi pa labotale ya m'tauni mwathu, kumathiriro kwa mtsinje wa Yangtze, manja mpaka kung'aluka ndi sopo.

Kwathu kuno chiwindi chimatha anthu ngati chitopa m'khola. Bambo ake a Baogen anapita nacho. Mkulu wake Baofa anapita nacho, mimba ili tuu, maso ali chikasu. Onsewo anafa akuganiza kuti ndi zilonda za m'mimba, chifukwa mwambo wathu ndi umenewo: wodwala sauzidwa. Dokotala amaitanira mkazi wako kuseri, iweyo n'kukusisita paphewa kuti uli bwino. Akuti ndi chifundo chimenecho.

Chaka china Baogen anayamba kumva kulemera pansi pa nthiti za kumanja. Anapereka magazi ake mwakachetechete, kunyumba osanena. Anamupatsa kapepala ka nambala 4127. Milungu itatu inatha, zii.

Madzulo ena m'nyengo yachisanu anaimitsa Dokotala Lu Meifang akuweruka.

"Adokotala, zanga zija bwanji?"

"Inu a Shen, tonsefe mudzatiika m'manda ndinu. Muli bwino. Musaiwale jenereta, magetsi azima usiku uno."

Ankalankhula akuyang'ana mabatani a jekete lawo.

Magetsi anazimadi. Baogen analiza jenereta kuti mafiriji asazime. Mmenemo munali magazi a anthu zikwizikwi, eni ake ambiri ali kale m'nthaka. Anayatsa nyali ya palafini, n'kukhala pafupi ndi kazenera kamene anthu amaperekerapo magazi masana.

Abakha ankasokosa kukhola. Kenako analeka, onse nthawi imodzi.

Go. Go. Go.

Anatsegula kazenera. Panalowa dzanja, litagwira kapepala ka nambala.

"Achimwene, ndionereniko m'buku."

"Tatseka. Mubwere mawa."

"Mawa ine sindingathe."

Baogen anakweza nyali. Anali Ni Deming, mlimi wa thonje wa kufupi ndi khoma lotchinga nyanja. Masiku asanu ndi anayi m'mbuyomo Baogen anali atadya nawo tofu, chakudya cha soya, pamaliro a munthu ameneyu.

Anabwerera m'mbuyo.

"Musaope, sindinabwere ndi mlandu," anatero Deming. "Ndikungofuna kumva ndi makutu angawa. Mkazi wanga ankadziwa. Ana ankadziwa. Ngakhale wometa tsitsi ankadziwa, n'chifukwa chake analeka kundinyoza za dazi. Ine ndekha ndinkamwa mankhwala a m'mimba ngati chitsiru."

Baogen analekezera sukulu kalasi yachinayi, koma zaka khumi ndi chimodzi zimaphunzitsa munthu. Ankadziwa kuti nambala yozunguliridwa ndi inki yofiira m'kaundula ndi ya munthu amene chiwindi chake chagwidwa. Kaundulayo ankakhala muofesi ya adokotala, mosalowa otsuka mabotolo. Kiyi ankadziwa pamene amabisa. Masiku onsewa sanayesepo kulowamo, osati poopa kuchotsedwa ntchito, koma poopa tsamba lake lomwe.

Usiku umenewo analowamo. Anabwera nalo bukulo, n'kutsatira manambala ndi chala.

"Pali chofiira, a Ni."

"Chiyambire liti?"

"Zaka ziwiri zapitazo."

"Zaka ziwiri." Deming anagwedeza mutu. "Ndikanadziwa, thonje lija ndikanalisiya, ndikanapita ku Nantong kukaona mdzukulu wanga."

Anatembenuka, n'kumapita. Nsapato sizinamveke.

Panalowa dzanja lina.

Baogen anasuzumira kunja. Unali mzere. Unayambira pazenera, kudutsa khola la abakha, kutuluka pageti, n'kumatsata ngalande mpaka kumene nyali sinkafika. Amuna, akazi, ena anyamata ndithu. Aliyense kapepala m'manja. Kunja kunkazizira koti madzi anaundana m'chidebe, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene nthunzi inkatuluka pakamwa pake.

Anayamba kuwerenga.

"Chofiira."

Munthu n'kuchoka.

"Chofiira, mayi."

N'kuchoka.

Palibe analira. Palibe anathokoza. Palafini ankatsika.

Dzanja lina linali ndi chala choduka. Baogen analidziwa asanaone nkhope. Anali mkulu wake Baofa.

"Chofiira, achimwene."

"Iwenso unkadziwa, mng'ono wanga."

"Ndinkadziwa."

"Unkandibweretsera phala la mpunga n'kumati lipoletsa zilonda. Unkanama bwino, mphaka iwe. Sindinakuganizirepo."

Baofa sanakalipe. Anangomuyang'ana kanthawi, n'kutsatira anzake kungalande.

Mzere unatha kunja kukuyamba kutuwa. Kunatsala mmodzi.

Dzanja linalowa pang'onopang'ono. Linali long'aluka ndi sopo. Pamkono wa jekete panali chigamba chobiriwira, chosokedwa ndi ulusi wakuda. Baogen anayang'ana mkono wake. Chigamba chomwecho.

Kapepala kanali ka 4127.

Nyali sanaikweze. Sanafune kuona nkhopeyo. Anatsegula tsamba lomaliza, n'kutsatira ndi chala mpaka anafika pa nambala yake. Panalibe chofiira. Panalibenso kachizindikiro kakuda kamene amaika pa anthu abwinobwino. Panali mawu olembedwa mothamanga, kalembedwe ka adokotala kaja kokhotakhota kamene amalemba kuti ife tisamve.

Anayandikitsa nyali. Anatembenuza buku. Kalasi yachinayi sinathandize.

"Sindikutha kuwerenga," ananong'ona.

Dzanja silinasunthe.

"Ndati sindikutha! Anzako onse apita, pita nawe!"

Koma anzakewo anapita chifukwa anauzidwa. Uyu anangoima, kapepala m'manja, kudikira.

M'mawa Dokotala Lu anamupeza ali pansi patsinde pa zenera, buku pamiyendo, ofesi ili pululu, nyali itazima. Tsiku lina lililonse akanamukalipira mpaka abakha kumva. Tsiku limenelo anangotenga bukulo, n'kulitseka mofatsa.

"Pitani mukagone, a Shen. Mabotolo atsuka ena."

Anapalasa njinga mpaka kwawo. Anapeza mkazi wake Guiying akusonkha moto, msana uli kukhomo.

"Mwabwera, bambo a Lan? Adokotala akuti muli bwino."

Baogen anali asanafunse. Za magazi anali asanamuuzepo.

Anavula nsapato. "Chabwino," anatero.

Anthu a m'tauni analankhula zambiri. Ena ankati ndi utsi wa jenereta unamuzunguza mutu. Ena ankati mowa wa mpunga, ngakhale mwamunayo anali atasiya kumwa mkulu wake atamwalira. Koma okhala m'mbali mwa ngalande ankanena zina, motsitsa mawu. Ankati nyengo yonse yachisanu imeneyo, magetsi akazima, ankaona munthu mmodzi ataima pakazenera kaja kunja, wa jekete la chigamba, osagogoda, osachoka. Ndipo mkati, kuseri kwa galasi, Shen Baogen ali pasinki, akutsuka mabotolo, osatembenuka.