Ndisungireni

Madzulo amenewo telala ankasesa tizidutswa ta nsalu pansi pa makina ake, mtima uli m'malere. Chikwerereni mitengo ya zinthu, anthu ankangobwera kudzasoketsa zigamba. Nanga ndalama yolengezetsa malonda pa wailesi akanaitenga kuti? Ndiye anayamba kujambula makasitomala atavala madiresi ake n'kumaika zithunzizo pa sitetasi ya pafoni yake kuti anthu aziona. Zaulere zimakoma, ndipo maoda anayambadi kubwera.

Panali nambala ina yachilendo, yopanda dzina, yomwe inkalemba pansi pa zithunzi zina kupempha kuti aisungire. Telala, poopa kuthawitsa kasitomala, ankayankha asanawerenge n'komwe bwinobwino: "Ndakusungirani." Mwini nambalayo sanabwerepo kudzatenga diresi.

Woyamba kumwalira anali mkazi wa kalipentala, patangotha masiku atatu chimujambulireni. Anangodandaula mutu basi. Kenako mphunzitsi wa kwaya, nayenso mutu. Kuchigayo anthu anayamba kunong'onezana kuti singano ya telala ili ndi mawu. M'shopumo munkamveka fungo la nsalu yopserera pomwe simbi inali yozizira, ndipo nthawi zina makina ankachita tcheketcheke popanda wowaponda. Makasitomala anayamba kukana kujambulidwa, choncho masana a tsikulo telala anaveka mwana wake wamkazi diresi yatsopano, n'kumujambula, n'kuika chithunzicho pa sitetasi.

Ali mkati mosesa, foni inalira: unali uthenga wa nambala yachilendo ija. Anayankha monga mwa masiku onse, tsache lili m'khwapa, n'kupatsira mtsikanayo foniyo kuti aone mmene watchenera pachithunzipo.

"Amayi, munthu ameneyu mumamudziwa?"

"Ndi kasitomala. Bwanji?"

"Sanalembe kuti ndisungireni imeneyi. Walemba kuti ndisungireni ameneyu."

Tsache linagwa. Telala analanda foniyo n'kubwerera m'mauthenga akale. Pansi pa mkazi wa kalipentala: ameneyu. Pansi pa mphunzitsi: ameneyu. Ndipo paliponse yankho lake lomwe lija, la ulemu wake wonse.

Anafufuta chithunzicho. Anaimba nambalayo, koma kumbali inayo kunkangomveka kupuma kwa munthu. "Chonde, mwanayu sali pa malonda!" anakuwa. Foni inaduka, kenako panalowa uthenga: "Mayi, mwavomera kale. Pa malonda sitibweza mawu."

Mtsikana uja anakhala pansi pang'onopang'ono, atagwira pachipumi.

"Amayi," anatero, "mutu."