Mpope Umene Unamwa Nsembe

M'masiku amene Mlongoti ankalamulira midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Mwanza, anagula kwa Achikunda mfuti ya mipope iwiri yosinthana: waukulu wophera njovu, waung'ono wankhondo. Ukagogoda kachikhomo kachitsulo, mpope unkatuluka, n'kulowetsapo unzake. Wosunga mfutiyo anali Chimtolo, mng'ono wake wa mfumu, amene ankaitsuka ndi madzi otentha n'kuidzoza mafuta a nsatsi mwachikondi chimene akazi ake omwe sanachionepo.

Mlongoti atamwalira, akuluakulu anaimika mfutiyo m'kachisi ili ndi mpope waukulu, ndipo pa nsembe iliyonse ankathira mowa kukamwa kwake kuti malemu amwe. Chimtolo ankadziwa kuti chitsulo sichimwa mowa, chimangochita dzimbiri, koma anaopa kuoneka ngati akumana mkulu wake chakumwa. Anakhala chete, zaka n'kumapita.

Kenaka kunamveka kuti Angoni ali m'njira. Pabwalo anagwirizana kuti mfumu yatsopano Kamtedza, mwana wa mlongo wake wa Chimtolo, ndiye ayambe kuwomba ndi mfuti ya malemu. Apa Chimtolo anaimirira.

"Inu eni dziko, mpope uwo wadyeka m'kati. Waung'ono uli kwanga, ukuwala. Ndiloleni ndisinthe."

Nduna ina inakana, n'kunena kuti kuchotsa mpope umene mzimu unamweramo ndiko kuchotsa malemu pankhondo. Kamtedza anamvetsera onse, kenaka anati, "Malume, mfutiyi mumaidziwa ndinu. Kaikonzeni, ine ndidzawomba chimene mudzandipatse."

Chimtolo anagogoda chikhomo. Anachinyowetsa ndi mafuta, anachiotcha pamoto, anagogodanso mpaka manja anatupa, koma dzimbiri linali litachimata ku mpope. Chinatsala n'kubwerera pabwalo kukanena kuti mfutiyo isawombedwe konse. Koma anganene bwanji, iye amene anaonerera mowa ukuthiridwa osatsegula pakamwa? Paja manyazi anapha lambe. Anachepetsa wonga, anapukuta kunja kwa mpope mpaka kunanyezimira, n'kukapereka mfutiyo ndi manja awiri.

Angoni atafika pa linga la mudzi, Kamtedza anawomba ndipo mpope unang'ambika ndi phokoso loopsa, moti Angoni anabwerera poganiza kuti mudzi uli ndi mzinga. Anthu anapulumuka, koma Kamtedza anatsirizika dzuwa lisanalowe, mutu wake uli pamiyendo ya malume ake.

Kuyambira pamenepo, a mtundu wa Mlongoti amathira nsembe pansi, osati pa chitsulo. Chimtolo anakalamba ali ndi chisoni chosatha, ndipo mpaka imfa yake ankadzozabe mafuta mpope waung'ono uja, ngakhale panalibenso mfuti youlowetsamo.