Amayi a Maness Aonera Mpira

Maness ndi mtsikana wa ku Bwanje. Ali ndi zaka khumi. Miyendo yake siyenda. Anabadwa choncho.

Maness amayenda pa chikuku. Chikuku ndi mpando wa matayala. Amachipalasa ndi manja ake.

Maness amakonda mpira wa basiketi. Amasewera kusukulu ndi anzake. Onse amasewera ali pa zikuku. Amene amawaphunzitsa ndi aphunzitsi a Kizito.

Maness ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti amayi ake amuone akusewera. Koma amayi ake ankaopa.

Tsiku lina amayi anabwera kuchokera ku munda wa mpunga. Mapazi awo anali matope okhaokha. Anakhala pakhonde, atatopa.

"Amayi," anatero Maness, "Loweruka kuli mpikisano ku boma. Tiyeni mukandione."

Amayi anayang'ana pansi.

"Mpira umenewu ndimauopa, mwanawe. Zikuku zimagundana. Nanga ukagwa?"

"Ndikagwa ndidzuka, Amayi."

 

"Chabwino, ndipita," anatero amayi. "Koma ukagwa, ndidzakunyamula. Tidzabwerera kwathu. Mpira udzathera pomwepo."

 Mtima wa Maness unalemera.

Loweruka linafika. Maness, amayi ake ndi anzake anakwera minibasi. Zikuku anazimanga pamwamba. Minibasi inakwera mapiri, inakwera, inakwera. Ku Bwanje kunali kotentha. Ku boma kunali kamphepo kozizira.

Bwalo linali la simenti. Uku kunali mtengo wachitsulo. Uko kunalinso wina. Pamwamba pa mtengo uliwonse panali mkombero. Mpira ukalowa mu mkombero, chimenecho ndi chigoli.

Ana a ku Bwanje anavala malaya achikasu. Ana a ku Lizulu anavala obiriwira. Aliyense anadzimanga lamba pa chikuku chake.

Amayi anakhala pa benchi. Anagwira chitenje chawo mwamphamvu. Pambali pawo panakhala bambo wina wovala chisoti choyera.

"Muli bwanji, mayi?" anatero bamboyo. "Ine ndine Sidiki. Ndili ndi golosale ku Lizulu. Uyo wa mpango wakuda ndi mwana wanga, Asiya. Nanga wanu ndi uti?"

"Uyo wamng'onoyo," anatero amayi. 

Wezulo inalira. Pyee! Mpira unayamba.

Matayala anazungulira. Manja anapalasa. Mpira unadunda pa simenti. Du! Du! Du!

Maness anathamanga. Anathamanga kwambiri. Amayi anali asanamuonepo akuthamanga chotero. Kunyumba ankayenda pang'onopang'ono, chifukwa cha mchenga. Pano ankapita ngati mphepo.

Mnzake anamuponyera mpira. Maness anawakha. Analunjika ku mkombero. Asiya anabwera kudzamutchinga.

Gwe! Zikuku zinagundana.

Chikuku cha Maness chinapendekeka. Chinagwa cham'mbali. Maness anagwa nacho. Tayala limodzi linatsala m'mwamba, likuzungulira lokha.

Wezulo inalira. Bwalo lonse linati zii.

Amayi anadzambatuka. Anaponda mzere wa bwalo.

"Dikirani pang'ono, mayi," anatero a Sidiki motsitsa mawu. "Wanga wagwapo kambirimbiri. Mtima umawawa, ndikudziwa. Koma taonani."

Maness anadzutsa mutu. Chigongono chake chinali chitasupuka. Anawaona amayi ake ataima pa mzere.

"Amayi, musabwere," anatero Maness. "Chonde, musabwere."

Amayi anaima. Manja awo anali otambasula. Koma anaima.

Asiya anasendeza chikuku chake pafupi. Anagwira matayala ake kuti asasunthe.

"Gwira apa, mnzanga," anatero Asiya.

Maness anagwira chikuku cha Asiya ndi dzanja limodzi. Dzanja lina anatsamiza pa simenti. Anakankha. Chikuku sichinadzuke.

Anapuma. Anakankhanso. Chikuku chinadzuka pang'ono, n'kubwereranso pansi.

Amayi analuma mlomo. Misozi inatsika. Koma sanasunthe.

Maness anakoka mpweya. Anakankha ndi mphamvu zake zonse. Khu! Matayala onse anatera pa simenti.

Anthu anaomba m'manja. Aphunzitsi a Kizito anabwera. Anaona chigongono chija. Anamata kabandeji.

"Upume kaye?" anafunsa aphunzitsi.

 Maness anayang'ana amayi ake. Anadikira.

Amayi anapukuta misozi ndi chitenje. Anabwerera m'mbuyo. Anakhala pansi pa benchi.

"Sewera, mwana wanga," anatero. "Sewera."

Wezulo inaliranso. Matayala anazungulira. Mpira unadunda. Du! Du! Du!

Maness anawakha mpira. Anapalasa, anapalasa. Anafika pansi pa mkombero. Anaponya.

Mpira unazungulira pa mkombero. Unazunguliranso. Kenako unalowa!

Amayi anaimirira. Analuluta. Aliyense pa bwalo anamva nthungululu yawo.

Mpira unatha. Ana a ku Lizulu ndiwo anapambana. Maness anagwirana chanza ndi Asiya. Kenako anapita kwa amayi ake.

"Taluza, Amayi," anatero. "Ndiponso ndinagwa."

Amayi anagwada. Anagwira manja a Maness. Manjawo anali akuda ndi fumbi la matayala. Anali ndi matuza.

"Ndaona," anatero amayi. "Ndaona zonse. Lolemba upite ukasewerenso."

Anthu anayamba kubalalika. Mpira unali pansi, pafupi ndi benchi. Amayi anautola. Anauzunguza m'manja.

"Ndiwolemera chonchi?" anafunsa. "Umauponya bwanji?"

"Imani apa, Amayi," anatero Maness. "Pindani mkono. Yang'anani mkombero. Tsopano ponyani."

Amayi anaponya. Mpira unapita kumbali. Maness anaseka. Amayi nawo anaseka.

Maness anapalasa chikuku. Anakatola mpira. Anabwera nawo pamiyendo pake.

"Mwatsala pang'ono, Amayi," anatero. "Ponyaninso."

Amayi anamanga chitenje chawo bwinobwino. Anapinda mkono. Ndipo anaponyanso.