Amunanga a m'Foni ya Atikonda

Nkhani iyi sindinaitole m'minibasi. Anandiuza ndi Ida, mlamu wake wa Dailes, amene analipo tsikulo, ndipo Ida si munthu wothira mchere nkhani. Zinachitikira kumtunda kwa Mlangeni, m'nyumba wamba yamalata, nyengo yozizira yokumba kachewere.

Dailes anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Atikonda, wa Fomu 2. Foni anamutumizira ndi bambo ake amene amagwira ntchito ku Joni, akuti aziwerengerapo za kusukulu. Kuwerengako Dailes sanakuonepo. Chimene ankaona ndi mwana woweramira kagalasi, chala chili kalikiliki, ndiwo zikupserera pamoto. Chaka chomwecho mwana wa aneba anapatsidwa mimba ndi mnyamata wa kabaza amene anadziwana naye pa Fesibuku, moti amayi onse m'mudzimo mitima inali m'mwamba.

Kunena zoona, Dailes sanali wankhanza. Anali wotanganidwa basi: kudimba, kumsika wa pamsewu, kukwaya. Ngakhale bambo ake omubereka, a Ngozo, asanamwalire ankadandaula kuti Nangozo wawo sayankha foni. Ndi iwo okha ankamuitana ndi dzina la mfunda limeneli. Iye akaona nambala yawo ankati, "Ndiwaimbira ndikaweruka," chifukwa mkuluyo akayamba kuyankhula ankayambira pa mbuzi n'kukathera pa mtengo wa feteleza. Kuwerukako sikunafike, mpaka anawaika m'manda mvula ili pakati.

Maliro atatha, Atikonda anasintha. Ankalowa kuchipinda dzuwa lisanalowe n'kudzifunditsa bulangete. Dailes akadutsa pachitseko ankamva mawu achimuna, apansipansi, kenako mwanayo akuseka, nthawi zina akusisima. Zotsalazo mtima wa kholo unamaliza wokha.

Loweruka lina amayi a kwaya anabwera kudzaphunzira nyimbo pakhonde pake. Dailes anapeza mwanayo kuseri kwa nyumba, foni ili kukhutu, ndipo anamunyang'amira n'kuitsomphola. Pamwamba pa macheza a pa Watsapu panalembedwa kuti Amunanga, pambali pake kamtima. Pansi pake mauthenga a mawu okhaokha, aja amati mavoisi, osawerengeka.

Anamukokera pakhonde.

"Amuna ako? Iwe uli ndi amuna?"

"Amayi, tamverani kaye."

Mbama inalira. Pofuna kuonetsa anzake kuti pakhomo pake salekerera mwana, Dailes anawerenga dzinalo mokweza, n'kufufuta macheza onsewo pamaso pawo, osamvera ngakhale voisi imodzi.

Atikonda sanalire. Anayang'ana foniyo, kenako mayi ake.

"Anali agogo," anatero.

Ndani sadziwa kuti gogo wamwamuna amatchula mdzukulu wake wamkazi kuti akazi anga, mdzukuluyo n'kumati amunanga? Dailes yemweyo anakula akuseka nthabwala imeneyi. A Ngozo akabwera ankaima pabwalo n'kumati, "Akazi anga ali kuti, andiphikire tiyi?" Poti kulemba kunkawavuta, ankatumiza mavoisi, ndipo mwanayo anasunga onse. Mawu a mkuluyo padziko lino anatsala mmenemo mokha.

Amayi a kwaya anabalalika mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya nyemba pamoto. Manyazi anamulowa Dailes mpaka m'mafupa, koma kupepesa kwa mwana wobereka yekha kunamukanika. M'malo mwake anathimitsa foniyo n'kuiponya m'sutikesi pansi pa bedi. Mmenemo munali kale foni ya malemuwo, yosweka galasi, batire atalichotsa chifukwa linafufuma.

Kuyambira tsikulo Atikonda anasiya kuyankhula ndi mayi ake. Madzi ankatunga, mbale ankatsuka, akaitanidwa ankabwera n'kugwada, koma mawu ayi. Dailes ankagona akudziwa kuti mwana wake akumutaya ali wamoyo, ndipo wolakwa ankamudziwa.

Patapita masabata, Ida anabwera kudzathandiza kusankha mbewu ya kachewere. Anakhala pabalaza awiriwo, chitseko chili chotsegula. Kunja chisisira chinali chitagwa, nkhungu ikutsika kuchokera kuphiri. Atikonda anali kukhitchini yapanja.

Ida akuti choyamba chinali nkhuku. Zinafika pakhomo pa khola n'kungoima, osalowa. Kenako nkhululu zimene zinkalira kuseri kwa nyumba zinasiya zonse pamodzi. Galu, amene salowa m'nyumba, analowa atapinda mchira n'kukabisala pansi pa tebulo.

Ndiye kunabwera fungo. Fodya wa m'mphuno, wosakanikirana ndi utsi wa m'jekete lakale.

"Mlamu, mwayamba fodya?" ananong'oneza Ida.

Dailes fungolo ankalidziwa.

Kuchipinda china chake chinanjenjemera. Chinasiya. Chinayambanso.

Analowa onse awiri. Dailes anakoka sutikesi. Foni ya Atikonda, imene anaithimitsa ndi dzanja lake, inali ikuwala pakati pa zitenje. Uthenga umodzi. Amunanga. Wotumizidwa tsiku lomwelo.

"Musatsegule," anatero Ida.

Anatsegula.

Poyamba panamveka mphepo. Kenako fuu, fuu. A Ngozo ankayamba auzira foni asanayankhule, ngati akukoleza moto. Kunamveka kutsokomola.

"Akazi anga, mwaswera bwanji? Ndamva kuti mwamenyedwa chifukwa cha ine."

Chete. Kupuma kokha, kwa chifuwa chokalamba.

Kenako mawuwo anatsika, ngati munthu wabweretsa pakamwa pafupi ndi khutu.

"Nangozo. Ndiwe eti? Lero ndiye wayankha."

Voisiyo inathera pomwepo.

Ida akuti sakudziwa chimene chinamutuma, koma anapisa dzanja m'sutikesimo n'kukhudza foni ya malemu ija. Inali yofunda ngati dzira longoikiridwa kumene. Anaitembenuza. Batire munalibe.

Dailes anatenga foni ya Atikonda n'kutuluka. Anapita kukhitchini, ndipo mayi wamkulu uja anagwada pa phulusa pamaso pa mwana wake, n'kumupatsa foniyo ndi manja awiri.

"Ndinalakwa, mwanawe. Tamvera."

Atikonda anatsegula. Pa dzina la Amunanga panalibe kanthu, poyera ngati mmene mayi ake anapasiyira. Mwanayo anadzutsa mutu n'kununkhiza chitenje cha mayi ake.

"Agogo anabwera," anatero motsitsa. Awa ndiwo anali mawu ake oyamba chichitikireni cha mbama ija. "Amati chiyani?"

Dailes anayang'ana pansi.

"Amaitana ine."

"Anayamba kalekale kukuitanani, amayi. Voisi iliyonse ankamaliza ndi kuti ndikuuzeni muwaimbire. Ndinkakuuzani."

Anali kumuuzadi. Dailes anakumbukira mwanayo ataima pakhomo la khitchini ndi foni m'manja, iye akumanga matumba, akuyankha osacheuka kuti ndikaweruka. Analira pamenepo, kulira kumene sanalire ngakhale kumanda. Kunja nkhululu zinayambiranso, nkhuku n'kulowa m'khola zokha.

Ena amati inali netiweki, kuti uthenga wakale unangochedwa kufika. Koma uthenga wakale unadziwa bwanji za mbama? Ida anafunsa mnyamata wokonza mafoni ku Nsipe, iye anangoseka, akuti foni yopanda batire ndi mwala basi.

Masiku ano Atikonda amayankhula ndi mayi ake, ngakhale kuti si monga kale. Foni anamubwezera, ndipo Dailes akafuna kudziwa amene mwana wake akucheza naye, amafunsa ndi pakamwa. Koma madzulo aliwonse akaweruka kudimba, asanasambe n'komwe, amakhala m'mphepete mwa bedi n'kuimba nambala ya malemu bambo ake. Kufoni kwake kumangomveka mawu aja akuti nambalayi sikupezeka.

Ida akuti anakhalapo naye tsiku lina akuimba. Pansi pa bedi, m'sutikesi, china chake chinanjenjemera mpaka kusiya chokha. Palibe anayankha.