Madzi a Mkamwini

Tsiku loyamba limene Sílvia anafika ku kampani ya madzi, anavala malaya oyera osita bwino ndi nsapato za gogoda. Anali wophunzira za makina ku yunivesite, ndipo anabwerera kwawo ku Lichinga kudzachita esitajiyo, kuphunzira ntchito ndi manja kuja. M'mutu mwake ankadziona atakhala mu ofesi yofunda. Ha! A Martinho, shefi wa amakaniko, anangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumuponyera ovolosi ndi majombo.

"Mwana wanga, iwe uyambira ku madzi oipa. Pampu ya galimoto yopopa zimbudzi yafa."

Poweruka, mtsikanayo ankanunkha moti ngakhale galu wa mlonda anamupatukira njira. Anaima pampopi wa kuseri kwa ofesi akutsuka manja, misozi ili lengelenge. Apo ndi pamene panatulukira mnyamata wamtali, chipewa cha ntchito chili chopendekeka, sopo ali m'manja.

"Pepani mana, kodi maluwa akununkhira kunowa ndi inu?"

"Mukundinena eti?"

"Ine? Mphuno yanga ndi ya enjinyero. Imadumpha ovolosi n'kukanunkhiza mtima."

Sílvia anafuna kukwiya, koma kuseka kunamutsogolera. Mnyamatayo anali Edilson, nayenso wa esitajiyo, koma wa gawo logawa madzi m'tauni. Atamva kuti Sílvia amakhala ku Assumane, kumene mipopi inkatulutsa madzi mwa apo ndi apo, anagwira pachifuwa.

"Zatha zimenezo. Bola ine ndili moyo, mpopi wa kwanu sudzaiwalidwa. Ndizikamupempha shefi kuti Assumane azitsegulidwa patsogolo, chifukwa cha inu."

Mwezi usanathe, "inu" uja anali atasanduka "iwe", ndipo "mana", chemwali kuja, anasanduka "amori wanga", ndiye kuti wokondedwa wanga. Mameseji ankabwera m'mawa, chisanu cha Lichinga chisanachoke.

"Amori wanga, tchera chigubu. Ndakutsegulira valavu ndi manja angawa. Dontho lililonse likufika kwanuko ndi mtima wanga."

Ndipo zoonadi, pasanapite nthawi mpopi wa pabwalo la kwawo unkayamba kukhosomola, kenako madzi phwaa! Abale, mtsikana amene ankaphwasula pampu yonse n'kuibwezera osatsala ndi bawuti m'manja, sanadzifunse chilichonse. Akanafunsa bwanji? Ndani wina anamutchulapo kuti duwa atavala ovolosi ya ku zimbudzi?

Amene anatengeka kwambiri anali mayi ake, a Laurinda.

"Ife tili othawa nkhondo ku Malawi, anyamata ankatifunsira ndi nzimbe," ankatero akudzaza migolo. "Uyu akufunsira ndi madzi! Mwana wanga, ameneyu usamutaye."

Kuyambira pamenepo, madzi a pakhomopo anali ndi dzina. Mlendo akafika, a Laurinda ankamupatsa kapu n'kunena kuti, "Imwani madzi a mkamwini."

Tsiku lina a Martinho anamuitana Sílvia pambali. Pampu ya galimoto ija inali ikulira bwino ngati yatsopano, ndipo mkuluyo anali ataona.

"Ku Nampula kuli malo aakulu oyeretsera madzi. Akufuna wophunzira mmodzi akamalizire esitajiyo kumeneko, ndipo amene amapita kawirikawiri amamulemba ntchito. Ine ndaganiza za iwe. Undiyankhe Lachisanu."

Sílvia anathamangira kukamuuza Edilson. Mnyamatayo anavula chipewa, maso ali psuu ngati wasenda anyezi.

"Ukapita, ine ndizitsegulira ndani? Khala, mtima wanga. Tikangomaliza sukulu, malume anga akubwera kwanu. Ndalumbira, ndiwe wekha. Pamtima panga pali paipi imodzi basi, ndipo imathera kwa iwe."

Nampula ndi chiyani pamaso pa mawu oterowo? Sílvia anatsimikiza mtima kuti akana.

Lachisanu m'mawa anafika pantchito yankho lili pamlomo, koma a Martinho sanamupatse mpata.

"Za ku Nampula tikamba tikabwerako. Mnzako Edilson watumiza uthenga kuti wadzuka ndi malungo. Nyamula kiyi uyo, lero ku Assumane utsegula ndi iwe."

Malungo? Mtima wa Sílvia unagunda. Anayimba foni, sinayankhidwe. Ananyamula kiyi wa valavu, chitsulo chachitali chooneka ngati mtanda, n'kukwera kumbuyo kwa njinga yamoto ya shefi, njira yonse akupempherera wodwala wake.

Valavu ya Assumane inali m'dzenje la simenti, pafupi ndi mpopi wa anthu onse, pomwe amayi ndi atsikana anali atandanda ndi zigubu. Sílvia analowetsa kiyi n'kukankha. Zii! Anakoka. Zii! Dzimbiri linali litagwira. Anakankhanso mpaka thukuta linayamba kuyenderera ngakhale kunali kuzizira.

"Shefi, Edilson amakwanitsa bwanji yekha?" anafunsa akupuma wefuwefu.

"Edilson?" A Martinho anaseka mpaka kutsamira njinga. "Ameneyo amati kiyi amamuchititsa matuza. Ndimatsegula ndine, iye amangoima apo n'kumadinadina foni."

"Koma si iye amene anakupemphani kuti Assumane azikhala patsogolo?"

"Patsogolo pa ndani? Lachiwiri ndi Lachisanu ndi masiku a Assumane kuyambira iwe uli ku pulayimale."

Sílvia asanameze mawuwo, foni yake inalira m'thumba la ovolosi. Ting'!

"Amori wanga, tchera chigubu. Ndakutsegulira valavu ndi manja angawa. Lero inalimba, thukuta lili kamukamu, koma chifukwa cha iwe ndapirira."

Anawerenga kawiri. Anayang'ana kiyi, anayang'ana manja ake, anayang'ana mpopi umene unali gwaa, wopanda ngakhale dontho.

Pamzere paja mtsikana wina wa chigubu chachikasu analulutira. "Amayi, konzekani, madzi akubwera! Enjinyero wanga watsegula!"

"Iwe Clotilde, enjinyero wako uti?" anafunsa wina amene anali kumbuyo kwake, foni ili m'mwamba. "Amene watsegula ndi Edilson wanga. Wandilembera pompano."

"Amanda, samala pakamwa pako! Edilson ndi wanga. Ali ndi paipi imodzi pamtima, ndipo imathera kwa ine!"

Zigubu zinayamba kugubuduka, zitenje zinamangidwa m'chiuno. Sílvia anasiya kiyi ali chiimire, anayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pawo, n'kutambasula foni yake.

"Amana, musanang'ambirane tsitsi, tawerengani iyinso."

Mafoni atatu anagundana mitu. Mawu ake anali omwewo, thukuta lake lomwelo, amori wake yemweyo. Kenako mayi wina wachikulire anayamba kuseka, ndipo kusekako kunayenda mzere wonse mpaka kumapeto.

Sílvia sanaseke. Anatsala pang'ono kutaya Nampula chifukwa cha mwamuna ameneyu! Anabwerera padzenje, anagwira kiyi ndi manja onse awiri, n'kukankha ndi mkwiyo wonse umene unali m'chifuwa mwake. Valavu inalira kwee, n'kugonja. Madzi anatuluka mwamphamvu moti chigubu cha Clotilde chinauluka.

"Bwerani kuno," anatero Sílvia kwa anzake awiriwo. Anaima onse atatu mozungulira kiyi, a Martinho n'kuwajambula. Chithunzicho anachitumiza kwa wodwala uja ndi mawu ochepa: "Watsegula bwino, amori. Upume, usachite matuza."

Sipanatenge nthawi. Ting'! Ting'! Ting'! Mafoni onse atatu analira pamodzi.

"Mtima wanga, si mmene ukuganizira. Awiri enawo ndi asuweni anga."

Apa ngakhale Sílvia anaseka, koma kusekako kunathera m'misozi. Anakhala pasimenti n'kulira kwenikweni, chifukwa bodza linali la Edilson koma chikondi chinali chake, ndipo chinali chenicheni. Amanda anamugwira paphewa. Clotilde anamupukuta ndi nsonga ya chitenje.

A Martinho anadikira mpaka atatonthola. "Nanga za ku Nampula, mwana wanga?"

"Ndipita, shefi. Majombo angawa mumupatse Edilson."

"Ndinali nditaganiza kale. Lolemba malungo akapola, galimoto ya zimbudzi ikumudikira."

Masana Sílvia anapatukira kunyumba, ovolosi ili yonyowa, maso otupa. Anapeza mayi ake ali pampopi, migolo yonse itasefukira, nkhope ili mwee.

"Lero madzi a mkamwini anachedwa, koma abwera ndi mphamvu!" anatero a Laurinda. "Mwana uja ali ndi manja, ndithu. Kodi malume ake abwera liti?"

Sílvia anatambasula zikhatho zake pamaso pa mayi ake. Zinali zofiira ndi dzimbiri, matuza ataphulika.

"Amayi," anatero, "mkamwini wanu ndi ameneyu."