Phunziro la Lachitatu

Boti linkafika pachilumbapo Lachitatu lokha, ndipo Lachitatu lililonse mphunzitsi watsopano sankakhazikika. Choko m'manja, maso pawindo. Anali atangotuluka ku koleji, ali m'chaka choyesedwa, ndipo lamulo linali lakuti woyendera sukulu amuone akuphunzitsa asanamusainire kalata ya ntchito yokhazikika. Tsiku lobwera woyenderayo sankanena. Mphunzitsi akalephera, ndiye kuti chaka chinanso choyesedwa.

Ana a m'kalasi mwake analipo khumi ndi anayi basi. Ndiye anapeza nzeru: phunziro limodzi la masamu ogawa, kumalibwereza Lachitatu lililonse kuti mlendoyo adzalipeze litapsa.

"Mwanawe, ana awa ukuwasandutsa wailesi," anatero mphunzitsi wamkulu, mayi amene ankaphunzitsa m'chipinda chinacho.

"Amayi, ndisiyeni ndidutse kaye. Zinazo tidzaona."

Patatha mwezi ndi theka, bambo wina wonyowa miyendo ya thalauza analowa ndi chikwama n'kukhala pabenchi yakumbuyo. Anali woyendera uja, ndipo mphunzitsi anayamba phunziro lake lija.

"Ana inu, tikatenga malalanje makumi awiri n'kugawi..."

"Asanu!" kalasi yonse inakuwa.

Funso lachiwiri anawo analiyankha mphunzitsi asanatsegule n'komwe pakamwa. Kamtsikana kapatsogolo, kolongolola, kanafika pomukumbutsa. "Aphunzitsi, mwadumpha paja mumati tiombe m'manja."

Woyenderayo anadzuka, natola mabuku khumi ndi awiri n'kuwaika patebulo.

"Ndani angagawire anthu atatu mabuku awa mofanana?"

Ana onse anatembenukira kwa mphunzitsi wawo, kudikira kuti awauze yankho loti aloweze. Manyazi anamugwira, koma chimene chinamuwawa kwambiri chinali chakuti anawo ankamukhulupirira ndi mtima wonse.

Bamboyo anatseka fayilo osasaina. "Tidzaonananso chaka chamawa, aphunzitsi. Boti silidikira."

Atatuluka, mphunzitsi uja anaima kanthawi. Ankafuna kulira. Kenako anatenga kansanza n'kufufuta bolodi lonse, pamodzi ndi zithunzi zimene anazijambula mosamala mwezi wathawo.

"Chabwino, mlendo wapita. Amene sadziwa kugawa akweze dzanja. Sindikalipira munthu."

Dzanja limodzi linakwera mwamantha, kenako lina, kenako linanso. Anawerenga, ndipo anakwana khumi ndi anayi.

Anakokera tebulo pakati pa chipinda. "Senderani kuno nonse," anatero, natenga buku loyamba. "Tiyambire poyamba penipeni."